Khola la Enelesi Lilibe Chitseko

Ku Nchema kuli khola la ng'ombe limene chimangireni silinagonemo ng'ombe. Ndi la njerwa zootcha, denga lake ndi lofoleredwa bwino kuposa nyumba zambiri za m'mudzimo, modyera muli, momwera muli, koma chitseko lilibe. Mwini wake ndi Enelesi Kalinde, mayi wamfupi woyenda mwaliwiro ngati wasiya ndiwo pamoto. Anthu akumeneko amati ndi wamakani. Sakunama, makani ali nawo, ndipo akanakhala ogawika bwenzi Chiradzulu yense atatapako pang'ono n'kupindula.

Enelesi anabadwira komweko, m'banja la Alomwe amene makolo awo anachokera ku Mozambique kalekale atasenza mbewu ya kalongonda. Sukulu anangoilawa. Anakwatiwa ndi Timoti, munthu wofatsa wa ku Milepa, amene anadzamanga nyumba kwawo kwa mkazi monga mwa mwambo, ndipo anabereka ana atatu, womaliza wake Tracy. Chaka cha 1994, anthu atayamba kutchula boma osayang'ana kumbuyo, Timoti anagulitsa nandolo n'kugula wailesi. Iye anagulira mpira, koma amene anailanda ndi mkazi wake. Ankaipachika mumtengo wa mango akamasenda chinangwa, n'kumaiyankha ngati munthu. Wandale akanama pa wailesipo, Enelesi ankamuuza pompo kuti wanama, mpeni uli m'manja.

Matipate anabwera ndi mabungwe, ndipo mabungwe anabwera ndi alendo. Apa m'pofunika kunena chizolowezi cha kwathu kuno. Mlendo akamabwera, timabwereka. Mipando kwa aphunzitsi, makapu kwa mayi busa, nsalu ya patebulo kwa amene mwana wawo ali ku Joni. Palibe amaona chachilendo, timati ndi ulemu, ndipo mlendo akachoka chilichonse chimabwerera kwa mwini wake. Zinthu zinayamba kuipa pamene anthu anazindikira kuti chitukuko nachonso chimatheka kubwereka.

Chaka cha 2001 bungwe lina la mbewu linabwera ndi alendo kudzaona nkhokwe ya kalabu ya m'mudzimo. Chimanga chinali chitakanika, m'nkhokwemo munali makoswe okha. Anthu anaponyamo mapesi ndi zitsononkho, pamwamba n'kuyalapo chimanga chobwereka khomo ndi khomo. Alendo anasuzumira, anaomba m'manja, anajambula zithunzi, anapita. Njala itafika povuta, thandizo linayambira midzi ina, chifukwa mudzi wa Enelesi unkadziwika kuti uli ndi nkhokwe yodzadza. Timoti anayenda wapansi mpaka ku Mozambique kukagwira ganyu wolipidwa makaka, chinangwa chouma chija. Anabwerako miyendo itatupa, atasenza kathumba kamodzi, ndipo anamwalira chimanga cha m'munda chitangoyamba kumasula.

Kuyambira maliro amenewo Enelesi sanabwerekenso kanthu chifukwa cha mlendo. Abusa akabwera kudzamuona ankakhala pa mtondo wogoneka. Akuchimuna a mwana wake woyamba, tsiku la chinkhoswe lenilenilo, anamwera thobwa m'zikho ndi m'kapu yothyoka chogwirira. Achibale anafuna kulowa pansi ndi manyazi, iye ayi. Ankati wobwera kudzaona ine aone ine, wofuna kuona mipando ya aphunzitsi akudziwa kumene aphunzitsi amakhala.

Njala itatha kunabwera bungwe lina, limene anthu ankangolitcha bungwe la mbuzi. Mlangizi wake anali Aubrey, mnyamata wa njinga yamoto, waulemu ndithu, koma woopa mabwana ake a ku Limbe kuposa mmene ankaopera Mulungu. Bungwelo linapatsa kalabu mbuzi zamakono, zoyera, za makutu ogwa, ndipo linalonjeza chinthu chachikulu. Linati kalabu ikasamala mbuzizo, membala amene wamanga khola labwino ndi kudzala nsenjere adzalandira ng'ombe ya mkaka.

Enelesi anaifuna ng'ombeyo ndi mtima wake wonse, ndipo sankabisa. Akapita ku Boma ankaona anthu akupalasa njinga ndi zigubu za mkaka m'mamawa, ana awo ali ku sekondale, pamene Tracy wake anali atatsala pang'ono kulemba mayeso a sitandade eyiti. Anaumba njerwa yekha, anaziotcha yekha, nsidze zinapserera pa uvuni. Anazula mbatata mbali ina ya dimba n'kudzalamo nsenjere, anthu akumuseka kuti akulima udzu. Chitseko anakakhometsa kwa kalipentala wa ku Milepa, cha matabwa a bulugamu, cholemera, ndipo wakabaza atakana kuchinyamula anachisenza pamutu mpaka kwawo. Ng'ombe isanaoneke n'komwe anali ataipatsa kale dzina, limene sanauze munthu aliyense.

Koma mbuzi zamakono zija zinafa. Mvula itangoyamba zinayamba kutsegula m'mimba, mankhwala panalibe. Aubrey anakanena ku ofesi, a ku ofesi anati adikire, ndipo mbuzi sizinadikire. Pofika nthawi yokolola zinatsala zazikazi ziwiri ndi tonde wotsimphina.

Chaka chomwecho cha 2004 wailesi inayamba kunena za mgwirizano wa chitukuko wa mayiko a mu Africa wotchedwa NEPAD, ndi kuti dziko la Malawi lalowa nawo m'pangano lakuti mayiko aziyenderana, kuunikana okhaokha mmene akuyendetsera zinthu. Ambiri anangoti ndi nkhani za anthu a masuti. Enelesi inamulowa mumtima. Anapita nayo ku mjigo, anapita nayo ku chigayo, ndipo amene anavutika nayo kwambiri ndi Nabanda, mnzake woyandikana naye nyumba.

"Mwamva, achemwali?" anatero Enelesi. "Akuti mtsogoleri azipita kwa mtsogoleri mnzake kukasuzumira m'nkhokwe. Osati mzungu wobwera ndi kamera ayi. Mnzake, wodziwa mapesi."

"Ndiye mukuona ngati aziuzana zoona, anthu amenewo?" anafunsa Nabanda.

"Akapanda kuuzana, ulendowo ndi wongokadyera nkhuku basi."

Chilimwe chitafika, Aubrey anaitanitsa msonkhano wa kalabu. Anati bungwe lawo limagwiranso ntchito ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo latengera nzeru ya atsogoleri ija. Alimi a kumeneko abwera kudzaunika makalabu a kuno, kenako a kuno adzapita kwawo. Woyamba kuomba m'manja anali Enelesi. Msonkhano utatha mnyamatayo anamutsatira mpaka kunyumba, anakhala pa mtondo uja, n'kumayang'ana nsapato zake.

"Amayi, mbuzi zitatu sitingaonetse alendo," anatero. "Tingobwereka za tsiku limodzi basi. Zoyerayera zonse za midzi yozungulira ino tiziike m'khola lanu lija, ndilo looneka bwino kuno konse."

"Alangizi, alendowa akubwera kudzatani?"

"Kudzatiunika, amayi."

"Ndiye munthu mwendo ukamamupweteka, akapita kuchipatala amakaonetsa mwendo wa mnzake?"

Aubrey sanaseke. "Amayi, ng'ombe ikubwera mwezi wamawa, ndipo abwana anena kale kuti ndi yanu. Koma akachita manyazi pamaso pa alendo, ine ntchito yatha, inu ng'ombe palibe. Ine ndili ndi ana. Inunso muli ndi Tracy."

Enelesi anavomera. Inde, anavomera, ndipo wofuna kumuweruza ayambe waumba yekha njerwa za khola. Aubrey anamuphunzitsa choyankha alendo akafunsa chinsinsi cha kalabu, mawu awiri okha akuti timatsatira malangizo. Masiku otsatirawo wailesi sinalire pakhomopo. Anati mabatire atha, koma zoona zake n'zakuti ankachita nayo manyazi.

Tsiku la alendo mbuzi zinayamba kufika dzuwa likutuluka, zokokedwa pa zingwe, zina zonyamulidwa pa njinga. Aubrey anasankha zoyera ndi zamawangamawanga, zakuda anazibweza. Anamasula tinsanza timene eni ake amamanga m'khosi kuti azizizindikira, ndipo iliyonse anaipaka penti wobiriwira pakhutu. Analamula kuti ana a mbuzi atsale kumakomo, chifukwa ankaonekeratu kuti ndi achikuda. Mnyamata wophunzira uja anaganiza zonse kupatula chimodzi, chimene mbuzi yoyamwitsa imachita ikasiyana ndi mwana wake. Pofika masana mabere anali atadzadza, ndipo kulira kwa m'kholamo kunkaposa nyimbo za amayi amene ankavina polandira alendo.

Galimoto itaima, woyamba kutsika anali bwana wa ku Limbe, ndi taye yake pa dzuwa limenelo. Enelesi ankayembekezera kuti ena onse akhala otero. Koma kunatsika mayi wina wa ku Chipata dzina lake Ruth, atavala chitenje chofwifwa ngati chake chomwe, ndi bambo wachikulire wa ku Mozambique dzina lake Gregorio, amene ankayenda moonetsa kuti nsapato zatsopano zikumuluma. Atagwirana chanza, Enelesi anamva chikhatho cha khasu. Bamboyo atauzidwa kuti mayiyu ndi Mlomwe anamulonjera m'Chilomwe chenicheni, chimene Enelesi anali asanachimvenso chimwalirireni amayi ake. Anayankha mododoma.

Zolankhula zitatha, onse anapita kukhola. Gregorio anatsamira khoma n'kuziyang'ana mbuzizo nthawi yaitali, akupukusa mutu. Kenako analankhula m'Chinyanja chake cha kumalire.

"Achemwali, inu ndinu odala. Ifenso kwathu tinalandira zoterezi, koma zinafa, zatsala zongoloza ndi chala. Anthu andituma, akuti pitani mukaone a ku Malawi akuchita bwanji. Ena akufuna kugulitsa mbuzi zathu zakuda kuti tigulenso zoyerazi, ine ndimakana. Koma ndi zimene ndaona lerozi, ndikawauza agulitse. Tangondiuzani chimene mumazipatsa."

Mawu awiri aja anali pamlomo. Aubrey anali kumuyang'ana, maso ake akupempha. Bwana wa ku Limbe anali akumwetulira kale. Enelesi anayang'ana modyera mmene ankafuna kudzathira nsenjere, anayang'ana pakona pamene ankafuna kudzakhala akamakama, ndipo ng'ombe yake anaiona bwinobwino itaima pamenepo. Kenako anayang'ana mapazi a bambo uja. Anthu a kwawo kwa munthu ameneyu ndi amene anapatsa Timoti kathumba ka makaka kaja, chaka chimene kuno kunalibe wopatsa mnzake. Ndiye lero iye awabwezere bodza loti akagulitse mbuzi zawo? Anamva mkwiyo ukukwera, womwe uja wa pa maliro a mwamuna wake.

"Achimwene," anatero, "ine kufotokoza sindidziwa. Zikuyankheni zokha."

Anasolola mpiringidzo, anakankha chitseko mpaka chinagunda khoma, iye n'kupatuka.

Mbuzi sizinafunse njira. Zinatuluka mothithikana, zinadutsa pakati pa miyendo ya ovina, woimba ng'oma anagwa chagada. Zina zinalunjika kumtsinje, zina zinakwera chitunda cha kusukulu, zina zinatenga njira ya ku Milepa zikulira. Ziwiri za Nabanda zinalumpha mpanda wa dimba n'kukafika pakhomo pake onse akuona, ndipo ana a mbuzizo anazithamangira n'kuyamba kuyamwa atagwada. Eni mbuzi anaiwala kuti ndi ovina, aliyense anakwinya chitenje n'kuthamangira yake, wina akukuwa kuti imeneyo ndi ya apongozi anga, ikasowa ndiona zakuda. Fumbi litatsika, m'kholamo munatsala zazikazi ziwiri ndi tonde wotsimphina, zikubzikula ngati palibe chachitika.

"Zathu ndi izi," anatero Enelesi. "Zinazo tabwereka m'mawa uno. Zathu zinafa ngati zanu, mvula yoyamba. Zakuda zija musagulitse."

Bwana wa ku Limbe anayandikira, nkhope ili gwa, nalankhula motsitsa mawu. "Mayi, mukudziwa chimene mwachita?"

"Ndikudziwa, bwana. Ndamva pa wailesi kuti masiku ano ngakhale atsogoleri a mayiko agwirizana zotsegulirana nkhokwe. Nanga ine ndine ndani kuti nditseke khola?"

Amene anayamba kuseka anali Gregorio. Anaseka mpaka anakhala pansi, anavula nsapato zija n'kuziika pambali. Atapeza mpweya analoza Ruth, nati gulu la mayiyu litabwera kwawo mwezi wathawo, iwonso anabwereka nkhumba za mudzi wina.

"Tinaona," anatero Ruth. "Nkhumba sinkadziwa mwini wake. Tinangokhala chete, poti ifenso kwathu tinali titabwereka chimanga."

Anakhala pansi pa mango uja, alendo ndi a kalabu amene anabwerako kothamangitsa mbuzi, ndipo anakambirana mpaka dzuwa linapendeka. Anakamba za njoka za m'mimba, za khola la m'mwamba loti mbuzi zisamagone pa ndowe, za nzeru ya anthu a ku Chipata yosunga tonde woyera yekha kuti azikwera zakuda. Ruth anawadzudzula poyera kuti analandira mbuzi asanafunse za mankhwala, ndipo iwo anavomera. Enelesi amati umenewo ndiwo msonkhano woyamba wa alendo umene anatolapo kanthu, ndiponso woyamba umene sunathe ndi nyimbo. Aubrey anakhala patali pa njinga yake, mutu uli pansi. Enelesi anamumvera chisoni kwambiri, chifukwa mnyamatayo sanali woipa. Anamupititsira madzi m'kapu yothyoka ija, koma sanalandire.

Tisanamizane, chilungamo sichinamulipire Enelesi. Aubrey anasamutsidwira kutali. Ng'ombe inabwera monga analonjezera, yakuda ndi mawanga oyera, itaima pa lole, ndipo loleyo inadutsa pakhomo pa Enelesi n'kukaima kwa Nabanda, amene khola lake linali la mitengo yozika mofulumira. Anthu ankaganiza kuti Enelesi adzitsekera m'nyumba. Iye anaima pamsewu penipeni, manja ali m'chiuno, n'kuiyang'ana ng'ombeyo mpaka inatsitsidwa. Atatero analowa m'khola lake nalira, kulira kwenikweni kwa munthu wolandidwa chake. Atamaliza anapukuta m'maso, anatenga hamala, n'kuzula chitseko chija. Anachisanjika pa njerwa zotsala pansi pa mango, ndipo kuyambira tsikulo pakhomopo pali benchi la alendo losabwereka.

Tracy anakhoza mayeso, koma posowa fizi anakhala chaka chathunthu pakhomo akuthandiza kumunda, ndipo panapita nthawi asakulankhula bwino ndi amayi ake. Ena a m'kalabu ankati Enelesi wayalutsa mudzi, kutchalitchi ankamusiyira mpata waukulu pa benchi. Iye sanapepese munthu. Wina akamuyamba ankangofunsa kuti kodi mbuzi yanu inafika bwino kunyumba tsiku lija.

Nabanda anapirira mlungu umodzi, kenako anabwera chozemba, chifukwa ng'ombe inalipo koma udzu analibe.

"Achemwali, ine sindinapemphe," anatero ataima patali.

"Ndikudziwa. Ng'ombenso sinalakwe. Tengani chikwakwa mukamwete nsenjere kudimbako, ndinadzalira iyo yomweyo." Nabanda atayamba kuthokoza, Enelesi anamudula. "Koma ndizibwera kudzaiona. Ikaonda ndidzanena, pamaso panu ndi pamaso pa aliyense. Inunso muzibwera kudzasuzumira m'nkhokwe mwanga."

Zakhala choncho mpaka lero. Enelesi amapita kwa Nabanda, amaigwira ng'ombe m'nthiti, amanunkhiza momwera, amanena zimene waona, ndipo nthawi zina amakangana mpaka osapatsana moni masiku angapo. Ng'ombeyo ndi yonenepa kuposa zambiri za kumeneko. Tonde wotsimphina uja nayenso anagwira ntchito yake, moti mbuzi zakuda za m'mudzimo zimabereka ana a makutu ogwa amene mvula saiopa.

Patapita zaka ziwiri kunabwera mlangizi watsopano, dzina lake Mavuto, wosadziwa mbiri ya mudziwo. Anafika pa njinga yamoto yomwe ija, anapereka moni waulemu, ndipo Enelesi anamukhazika pa benchi pansi pa mango. Mnyamatayo anayamikira khola, anayamikira nsenjere, anazungulira uku ndi uku, kenako anafika pa chimene anabwerera. Anati kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona ng'ombe ya a Nabanda, koma khola lawo silooneka bwino pa chithunzi. Kodi amayi sangalole kuti ng'ombeyo idzaime m'khola lawoli, tsiku limodzi lokha?

Enelesi anayang'ana kholalo.

"Bwerani nayo, alangizi," anatero. "Ndaidikira nthawi yaitali. Ilowemo ngakhale kamodzi, ndiione mmene ikanaonekera."

Mavuto anasangalala, anaimirira kuti akayeze malo, koma atafika pakhomo la khola anaima. "Nanga chitseko chili kuti, amayi?"

"Ndi chimene munakhalira chija. Ndipo pamenepo sichichoka." Anatola mpeni wake n'kuyambanso kusenda chinangwa. "Ng'ombeyo kwawo imakudziwa, alangizi. Alendo anuwo adzakhale okonzeka kuitsatira."